Tisheti Yakuda pa Phwando la Mayi Ake

Uthenga unandipeza ndikusita.

Ndinali nditayala bulangete patebulo lodyera, mulu wa matisheti akuda uli pampando. Tisheti ndimaisita nditaitembenuza, kunja kukhale mkati, kuti simbi isasiye chizindikiro chonyezimira pansalu. Khosi silifuna kukoka. Umangoligunda pang'ono ndi nsonga ya simbi, chifukwa likangotamuka silibwereranso mwakale. Ntchito imeneyi ndimaikonda, pakuti manja akamayenda okha mtima umapeza mpata wopemphera.

Foni inalira pawindo. Anaitola ndi Achemwali, amene ndimakhala nawo chimwalirireni amayi athu.

"Ndi Wamtali wako. Ndiwerenge?"

"Musawerenge."

Anawerenga. "'Chete wanga, mawa pa phwando la tsiku lobadwa la Amayi ndikakuonetsa kwa onse. Ndatopa n'kubisala. Za zovala akuuza mlongo wanga.'" Kenaka anakweza mphuno. "Iwe, chikununkha kupsa n'chiyani?"

Linali bulangete. Simbi ndinali nditaiiwala pomwepo.

"Wayamba kale kunditenthera katundu, ukwati usanaoneke n'komwe," anatero Achemwali akukupiza utsi ndi foni yanga.

Wamtali ndi dokotala wa mano. Dzinalo anam'patsa ndi Achemwali. Tinadziwana m'kasitolo kanga ka matisheti, tsiku lina atalowa chowerama pakhomo n'kudandaula kuti tisheti iliyonse imam'thera pamchombo. Ndinam'pezera yaitali thupi. Sabata yotsatira anabweranso kudzagula ina imene sankaifuna. Iye ndi amene anayamba kunditcha Chete, ati ndimayankha ndi maso, ndipo dzinalo linandimatirira mpaka kunyumba.

Chaka chinatha tikuonana, koma pakhomo pa makolo ake ndinali ndisanapondepo. Mayi ake anangomva kuti pali mtsikana wogulitsa matisheti, ndipo akuti mawu amenewo ankawatchula ngati munthu amene akulavula munga. Mtima wawo unali pa mwana wa mnzawo, amene m'banjamo ankamutcha Dona. Ine Donayo ndinali ndisanamuonepo.

Utsi usanathe, foni inaliranso. Anali mlongo wake wa Wamtali.

"Mlamu, mawa tonse tivala zakuda, tisheti yakuda yopanda zolemba ndi siketi yakuda. Amayi sakonda zodzionetsera. Usachedwe."

"Lero wasanduka mlamu?" anafunsa Achemwali. "Munthu amene anakudutsa pamsewu ngati ndiwe mtengo wamagetsi?"

"Mwina Mulungu wafewetsa mtima wake."

"Mwina. Koma nyumba ya anthu olemera, phwando la mayi wamkulu, anthu n'kuvala matisheti? Wakutsina khutu ndi mnansi, Chete."

Ndinapinda bulangete kuti popsapo pakhale pansi, n'kupitiriza kusita.

*

Matisheti akudawo sanali anga. Anawaitanitsa mayi wina wachitsikana kumayambiriro kwa sabata, ati ndi a anthu ake a kuntchito. Masana a tsiku limene ndinawasitalo anabwera kusitolo kudzawatenga, akununkhira mafuta odula, makiyi a galimoto akulendewera pachala.

Anatola imodzi n'kuiyang'ana. "Manjawa mwawatani?"

"Ndawapinda kawiri n'kuwagwira ndi ulusi kuti asamatsike. Tisheti yopinda manja imaoneka kuti munthu anaiganizira. Zimenezo ndangokuchitirani."

"Onsewa?"

"Onse. Ndi mmene ndimavalira inenso." Ndinamuonetsa manja a tisheti imene ndinavala.

Anaseka mpaka anagwira pakauntala. Inenso ndinaseka, osadziwa chimene tikuseka.

"Ndithandizeni china," anatero atapukuta m'maso. "Mawa ndili ndi kokaonekera, ndipo madiresi ndatopa nawo. Anthu amati inu mumatha kusandutsa tisheti kukhala chovala chaulemu."

Ndinam'sankhira yoyera, yansalu yochindikala yosaonekera mkati. Ndinamuimika pagalasi.

"Imeneyi mukaivala ndi jinzi ndi nsapato zansalu, mwapita kumsika. Koma muipisire m'siketi yaitali yokwera m'chiuno, mumange lamba wopyapyala, ndolo zikhale zazing'ono, nsapato zikhale zagogoda. Pamenepo mwafika pakhomo la ulemu, koma simunalowe."

"Cholowera n'chiyani?"

"Jekete. Tisheti yopanda jekete imati ndabwera kudzagwira ntchito. Ya jekete imati ndaitanidwa."

Anandiyang'ana m'galasimo. "Tabwerezani."

Ndinabwereza.

"Ndaitanidwa," anatero pang'onopang'ono, ngati akulawa. Batani la bulauzi yake linali litatsala pang'ono kuduka, choncho ndinatenga singano n'kulisokerera ali chiimire. Potuluka anati, "Mulungu akudalitseni." Ndinayankha kuti ameni, ndipo ndinkanena zoona.

*

M'mawa mwake ndinapeza nsapato zanga zakuda zili pakhomo la chipinda, zopukutidwa mpaka kuwala. Achemwali ananamizira kuti sakudziwa amene wachita.

Ndinavala monga anandiuzira mlamu, tisheti yakuda, yopisira bwino m'siketi yakuda. Koma kukaonekera pamaso pa mayi wa munthu ndi tisheti yokha, mtima sunalole. Ndinatsegula sutukesi ya pansi pa bedi n'kutulutsa jekete ya malemu amayi.

Ndi jekete yofiirira ngati njerwa yowotcha, ya mabatani amkuwa. Amayi ankaivala popita kutchalitchi ndi pokationa kusukulu. Atamwalira ndinaichepetsa m'mapewa kuti izindikwana, koma thumba lakumanzere sindinalikhudze, chifukwa mmenemo muli chigamba chimene anasoka okha ndi ulusi wobiriwira, tsiku limene wofiira unawathera.

Achemwali anandizungulira akuchotsa timaulusi pamsana panga.

"Wafanana nawo," anatero, mawu atatsika. Kenaka anabwerera mwakale. "Akakuseka, usakalire pamaso pawo. Udzalirire kuno, ndagula sopo wambiri wochapira mipango."

Tinagwirana manja n'kupemphera mwachidule. Ine ndinangopempha chinthu chimodzi, kuti Wamtali akandigwire dzanja pamaso pa mayi ake.

*

Pageti panali galimoto zambiri. M'bwalo munali tenti yoyera, matebulo oyala nsalu, maluwa paliponse. Azimayi anavala madiresi okwekwereza pansi, azibambo masuti. Ndinayang'ana uku ndi uku kufuna wina wa zakuda. Panalibe.

Mlongo wake wa Wamtali anandithamangira atavala diresi yobiriwira yonyezimira.

"Mlamu, wafika."

"Zakuda zija bwanji?"

"Aa, tinasintha maganizo. Kodi sindinakuuze? Mutu wangawu. Koma wakongola, usadandaule." Ankalankhula dzanja lake lili kale pakolala yanga. "Kwatenthatu lero. Bwera nayo jeketeyi ndikakupachikire m'nyumba, ingachite thukuta."

"Ayi, ndili bwino."

"Usachite manyazi, kuno n'kwanu." Anaikoka m'mapewa, ndipo kuti ndisalimbane naye pamaso pa anthu, ndinamasula manja.

"Achimwene anu ali kuti?"

"Amayi awatuma kukatenga keke. Ima pomwepa."

Analowa m'nyumba ndi jekete ya amayi ili pamkono. Ndinaima pambali pa tenti. Posakhalitsa chitseko cha kukhitchini chinatseguka, ndipo atsikana operekera zakudya anatuluka mondondozana, aliyense ndi thileyi. Onse anavala masiketi akuda ndi matisheti akuda opisira. Manja a matisheti awo anali opinda kawiri, ogwidwa ndi ulusi.

Ulusi umenewo unali wanga.

*

Mayi ake a Wamtali ndinawazindikira ndi chipumi, chofanana ndi cha mwana wawo. Anali kuyenda pakati pa matebulo akulandira moni. Ndinadzilimbitsa mtima, ndinawayandikira n'kunyonyomala pang'ono.

"Amayi, ine ndine..."

"Ndiwe amene waima chilili anzako akugwira ntchito," anatero osandiyang'ana kumaso. Analanda thileyi kwa mtsikana amene ankadutsa n'kundisenzetsa m'manja. "Tebulo lakumapeto lija lilibe madzi. Fulumira."

Ndinaitenga. Chibadwire sindinakanepo munthu wamkulu akandituma, ndipo amayi ankatiuza kuti kupatsa munthu madzi si manyazi. Ndinadziuza kuti Wamtali akabwera, imeneyi idzakhala nkhani yoseka tikadzakalamba.

Ndinapereka madzi. Ndinatola mbale. Bambo wina anandiitana poliza zala. Wina anati, "Iwe mtsikana, ukamayenda uzimwetulira, si maliro ano." Mayi wina anagwira manja a tisheti yanga n'kuuza mnzake, "Taona mmene awakonzera antchitowa. Zachita kukhala ngati anthu." Mlongo uja anadutsa pafupi nane kawiri. Ulendo wachiwiri anaika tambula yake yakuda pathileyi yanga, maso ali kwina.

Nditapita kukasiya mbale kuseri kwa khitchini, mayi wina wonenepa wa epuloni, mkulu wa operekera zakudyawo, anandigwira pamkono.

"Mwanangu, atsikana anga ndimawadziwa onse. Iwe ndiwe yani?"

Ndinawauza mwachidule. Anakoka kampando ndi phazi n'kundikhazika, anatsuka tambula kawiri, n'kundipatsa madzi ozizira. Munthu woyamba kundipatsa kanthu pakhomopo anali iwowo.

"Matishetiwa anatibweretsera ndi mtsikana wa galimoto yoyera, ati tonse tivale," anatero. "Tsopano ndamvetsa. Tamvera, kuseri kuno kuli kageti kakang'ono. Tulukira pomwepo, palibe akuone."

"Jekete ya amayi anga ili m'nyumba. Komanso iye anandilonjeza."

"Mwamuna amalonjeza muli awiri. Ukafuna kumudziwa, umuone ali pakati pa abale ake."

"Ndidikira, mayi."

Anapumira m'mwamba. "Ndiye imwa madziwo onse. Kudikira kumafuna mphamvu."

*

Wamtali anafika atanyamula keke, anthu akuwomba m'manja. Mkati mwa suti yake anavala tisheti yotuwa imene ndinam'sankhira ine, yopisira monga ndinam'phunzitsira. Mtima wanga unakhala pansi. Ndinati munthu amene wavala ntchito ya manja anga pa tsiku ngati limeneli sangandikane.

Anandiona ndikutola matambula. Nkhope yake inagwa. Anabwera mozemba, n'kundikokera kuseri kwa mzati wa tenti.

"Chete, ukutani ndi thileyi?"

"Andipatsa ndi amayi ako."

"Nanga bwanji wavala ngati..." Sanamalize. Anayang'ana atsikana aja, n'kuyang'ananso ine.

"Ndavala zimene anandiuza mlongo wako. Jekete ananditengera pageti."

Anayendetsa chala chake chachikulu pamene ndinapinda manja a tisheti, monga amachitira nthawi zonse tikakhala awiri.

"Ndigwire dzanja," ndinatero. "Unditengere kwa iwo, uwauze kuti ndine yani. Sindikupempha china."

"Uli chonchi? Alendo a Bambo onse akuona kale ukupereka madzi. Dikira kaye Amayi amalize kulankhula. Ndikonza."

"Ukonza chiyani?"

"Chete, usandipanikize."

Mayi ake anamuitana kuchokera kutsogolo. Anasiya mkono wanga msangamsanga, ngati wakhudza simbi yamoto.

*

Mayi ake anaima pafupi ndi keke, maiki ili m'manja. Anathokoza Mulungu chifukwa cha zaka zimene wawapatsa, anathokoza amuna awo, anathokoza alendo. Kenaka anati mphatso yaikulu ya tsikulo sinali pa tebulo la mphatso.

"Bwera kuno, Dona mwanangu."

Chitseko cha nyumba chinatseguka. Anatuluka mayi wachitsikana uja wa kusitolo. Tisheti yoyera anaipisira m'siketi yaitali, lamba wopyapyala, ndolo zazing'ono, nsapato zagogoda. Sanaiwale kalikonse pa zimene ndinamuuza. Pamwamba pa zonsezo anavala jekete yofiirira ngati njerwa yowotcha, mabatani amkuwa akuwala padzuwa.

Anthu anang'ung'udza mosirira.

"Taonani," anatero mayi aja akumuzunguza. "Ndinkati tisheti ndi chovala cha anthu osowa. Koma ikavalidwa ndi mwana woleredwa bwino, imasanduka ina. Ameneyu ndiye mpongozi wanga. Mabanja awiriwa tagwirizana kale, tsiku tikuuzani posachedwa."

Anthu anaimirira akuwomba m'manja. Wamtali anali chiimire pambali pa mayi ake, maso ali pa keke. Dona anapisa dzanja m'thumba lakumanzere la jekete, muja muli ulusi wobiriwira wa amayi.

Zina zonse ndikanazimeza. Chimenecho chinakanika.

Ndinaika thileyi patebulo mosamala kuti matambula asasweke, n'kuyenda pakati pa mipando mpaka kutsogolo. Ndinalankhula motsitsa, koma maiki inali pafupi, ndipo mawu anga anamveka tenti yonse.

"Jekete imeneyo ndi ya amayi anga. Ndikupempha mundibwezere."

Kenaka wina kumbuyo anaseka.

"Wantchito ameneyu watani?" anafunsa mayi aja. "Mkulu wawo ali kuti?"

"Si wantchito, Amayi," anatero mlongo uja mokweza, kuti a kumbuyo amve. "Ndi mtsikana wamatisheti uja. Wangobwera yekha, ndiye wasakanikirana ndi anzake. Nanga tikanamusiyanitsa bwanji? Taonani manja, onse ofanana."

Apa anthu ambiri anaseka.

Dona anandiyang'ana momwetulira, monga anachitira pagalasi. "Munanena nokha," anatero chapansipansi. "Ya jekete imati ndaitanidwa." Anaivula pang'onopang'ono, anaigwira ndi zala ziwiri, n'kuisiya kuti igwe pakapinga pakati pathu.

Ndisanawerame, dzanja lina linaitola. Anali mayi wa epuloni aja. Anaikutumula, anachotsa kaudzu kamene kanamatirira pakolala, n'kundifunditsa m'mapewa. Anakonza kolala bwinobwino, osafulumira, ngati palibe amene akuyang'ana. Atatero anaima kumbuyo kwanga, osachoka.

Mayi ake a Wamtali tsopano anandiyang'ana kumaso kwa nthawi yoyamba. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato zimene anapukuta Achemwali. Kenaka anatembenukira kwa mwana wawo.

"Mlongo wako akuti wabwera yekha. Ine ndikufuna ndimve kwa iwe. Munthuyu ukumudziwa? Wamuitana ndani pa tsiku langa?" Anam'patsa maiki.

Mumtima ndinati, Ambuye, ndi pano. Sindinapemphe kuti akalipire wina aliyense. Ndinangotambasula dzanja langa pang'ono, kuti akafuna kuligwira asavutike.

Wamtali anayang'ana dzanjalo. Ndikudziwa kuti analiona. Anatenga maiki n'kuyenda. Anandidutsa pafupi kwambiri moti suti yake inakhudza jekete ya amayi. Anakagwada pakapinga pamaso pa mayi ake, atandifulatira. Pogwadapo tisheti yotuwa ija inasolotoka kumsana, ndipo manja anga, mwa chizolowezi, anafuna kukaipisira.

Mawu ake anamveka mpaka kugeti.

"Ndinamuitana ndine, Amayi. Ndinalakwa. Ndakuchititsani manyazi pamaso pa alendo anu ndi pamaso pa Dona. Sadzapondanso pakhomo pano. Amayi, ndikhululukireni."